Mlandu wa chibadwa usamagwere mayi yekha

Mvula ikayandikira, misika ya Nsaru, Kabudula ndi Namitete imadzaza ndi mapaketi a mbewu ya chimanga. Pali Kanyani, pali Mkango, pali Njobvu, pali za DK ndi zina zambiri. Mlimi amatembenuza paketi, amafunsa mtengo, amawerenga tindalama ta fodya kapena ta soya timene tatsala, kenaka n'kugula makilogalamu awiri kapena asanu. Amagula ngakhale kunyumba kukadali matumba a chimanga chimene anakolola kuchokera ku mbewu yomweyo. Akafunsidwa chifukwa chake sachedwa kuyankha: haibulidi sabwereza. Anayesapo, kapena anaonera m'munda wa mnzake, ndipo akudziwa kuti chimanga chobwereza chimamera chosiyanasiyana, china chachitali, china chachifupi, china chobereka tizitsononkho tomvetsa chisoni.

Mlimi yemweyo akafuna mbuzi zathanzi amakabwereka tonde wabwino kumudzi wina. Akafuna ng'ombe yamkaka wambiri amaitana mlangizi wa ziweto kuti abweretse mbewu ya nkhunzi ya Friesian. Thole likabadwa lamawanga akuda ndi oyera, palibe amene amaloza chala make. Aliyense amadziwa kuti nkhunzi yaikapo mbali yake.

Koma nkhani ikalowa m'nyumba, nzeru zonsezi zimatsalira kumunda ndi kukhola. Mwana akabadwa wachialubino, maso onse amatembenukira kwa mayi. Mwana akamadwaladwala, kutupa manja ndi mapazi, kuthiridwa magazi kawirikawiri, akuchimuna amanong'onezana kuti kwawo kulibe zotere, zachokera kuchikazi. Pakabadwa atsikana okhaokha, bambo amayamba kuponya maso kwina kuti akapeze mwana wamwamuna. Amayi ena amabwezedwa kwawo kuchokera kuchitengwa, ena amangodzuka m'mawa n'kupeza mkamwini atanyamula njinga ndi zovala zake. Uku n'kulakwira amayi, ndipo anthu a kumadzulo ndi kumpoto kwa Lilongwe ndi amene ali ndi umboni wapafupi woti n'kulakwa, chifukwa malamulo a chibadwa akhala akugwiritsidwa ntchito pakhomo pawo penipeni kwa zaka zoposa 70.

Pa msewu wa ku Mchinji, makilomita 16 kuchokera mumzinda wa Lilongwe, pali malo ofufuzira zaulimi a Chitedze, amene anatsegulidwa mu 1948. Anthu a ku Mpingu ndi midzi yozungulira amawadziwa bwino malowa. Ambiri anagwirako ganyu yopalira, yovundikira zitsononkho ndi timapepala, yothyola ngayaye. Ntchito yothyola ngayayeyi ndiyo mutu wa nkhani yonse.

Phesi la chimanga lili ndi mbali yachimuna ndi yachikazi. Ngayaye ya pamwamba ndiyo yachimuna, imatulutsa mungu. Ndevu za pachitsononkho ndizo zachikazi, ndipo ulusi uliwonse wa ndevuzo umapita ku njere imodzi. Mphepo ikauluza mungu, kamungu kamodzi kamagwera pa ulusi umodzi, njere imodzi n'kupangika. Choncho njere zonse za pachitsononkho chimodzi zili ndi mayi mmodzi, koma abambo akhoza kukhala ambirimbiri, ena a m'munda womwewo, ena a kutsidya kwa malire. N'chifukwa chake mayi wosenda chimanga choyera amapeza njere zingapo zachikasu kapena zofiirira pakati pa zoyera. Phesi silinalakwe kanthu. Munda wina wapafupi unali ndi chimanga chachikasu, mungu wake unauluka, ndipo mtundu wa bambo waonekera pa njere.

Akatswiri opanga haibulidi salola kuti mphepo isankhe bambo. Amadzala mizere ya mtundu wina kuti ikhale yachikazi, n'kuithyola ngayaye zonse zisanatulutse mungu, ndipo pambali pake amadzala mizere ya mtundu wina kuti ikhale yachimuna. Mbewu ya m'paketi imakololedwa ku mizere yachikazi yokha, koma njere iliyonse imakhala itatenga theka la chibadwa chake kwa mayi, theka kwa bambo. Umu ndi momwe SR52, haibulidi yotchuka imene inatulutsidwa ku Zimbabwe mu 1960 dzikolo likadali Southern Rhodesia, inapangidwira. Ku Malawi haibulidi zambiri zakale sizinakondedwe kwenikweni m'midzi. Zinkabereka kwambiri, koma njere zake zinali zofewa. Mumtondo zinkaphwanyika n'kuthera ku gaga, m'nkhokwe anankafumbwe ankazimaliza msanga. Amayi ankati za malonda ndi zimenezo, za nsima ndi chimanga cha makolo. Akatswiri a ku Chitedze anamva dandaulolo, nakwatitsa mitundu yobereka kwambiri ndi mitundu ya njere zolimba, ndipo mu 1990 anatulutsa MH17 ndi MH18, zimene zinkakonoleka bwino n'kupereka mphale yochuluka. Kubereka kunachokera mbali ina, kulimba mbali ina, zonse n'kukumana mu njere imodzi.

Nanga n'chifukwa chiyani mbewu yabwino chonchi imasokonekera ikabwerezedwa? Yankho linapezeka kalekale, kutali ndi kuno, m'kadimba ka nsawawa. Gregor Mendel, wansembe wa m'chipani cha Augustino Woyera mumzinda wa Brno, m'dziko limene lero ndi Czech Republic, anakwatitsa mitundu ya nsawawa kuyambira 1856 mpaka 1863, akuwerenga ndi kulemba chilichonse. Atakwatitsa nsawawa yaitali ndi yaifupi, ana onse anatuluka aatali, ngati kuti ufupi watheratu. Koma atadzala mbewu ya anawo, ufupi unabwerera: zomera 787 zinali zazitali, 277 zazifupi. Pa mtundu wa njere anapeza zachikasu 6,022 ndi zobiriwira 2,001. Pa makhalidwe onse asanu ndi awiri amene anawatsata, chiwerengero chinkabwera chofanana: pa zinayi zilizonse, zitatu zotengera mbali yoonekera, chimodzi chotengera mbali imene inabisala.

Mendel anafalitsa zimene anapeza mu 1866, koma anthu sanazilabadire mpaka 1900, iye atamwalira kale. Mfundo yake ndi yosavuta. Chamoyo chilichonse chobadwa kwa makolo awiri chimasunga malangizo awiri pa khalidwe lililonse, lina lochokera kwa mayi, lina kwa bambo. Malangizo amenewa ndi amene asayansi amawatcha majini. Majini sasungunuka n'kusakanikirana. Lina likhoza kuphimba linzake, koma lophimbidwalo limakhalabe lamoyo, ndipo kholo likamabereka limapatsira mwana limodzi mwa awiriwo mwamwayi. Jini lobisala limaonekera pokhapokha mwana akalilandira kuchokera mbali zonse ziwiri.

Mu haibulidi ya m'paketi, zomera zonse zili ndi majini pafupifupi ofanana, ndipo zofooka za kholo lina zimaphimbidwa ndi mphamvu za kholo linzake. N'chifukwa chake munda umaoneka ngati wometedwa ndi sizasi. Mbewuyo ikabwerezedwa, majini amagawanika mwatsopano, zobisala zija zimakumana ziwiriziwiri n'kuonekera. Pa haibulidi ya makolo awiri oyeretsedwa, monga SR52, theka la mphamvu yoonjezera ija limatayika pa kubwereza koyamba. Pa mitundu ngati MH18 kutsikako kumakhala kocheperapo, ndipo chimanga cha kompoziti monga ZM 623 chimalola kubwerezedwa nyengo zingapo. Mtedza ndiye nkhani ina: duwa lake limadzipatsa lokha mungu, kotero Chalimbana amabereka Chalimbana, ndipo CG7 amene anatulutsidwa mu 1990 amakhalabe wofiira chaka ndi chaka.

Mtedza womwewo ukuphunzitsanso kuti si chobisala chilichonse chimene chili choipa. Matenda a kadukutu, amene ena amati khate la mtedza, amafalitsidwa ndi nsabwe za m'mbewu, ndipo chapakati pa zaka za m'ma 1990 anasakaza minda m'chigawo chapakati ndi kum'mawa kwa Zambia. Mphamvu yolimbana ndi kadukutu inapezeka mu mtedza wa makolo wa kumadzulo kwa Africa, ndipo majini ake ndi obisala. Akatswiri a bungwe la ICRISAT, limene linayamba ntchito ya mtedza ku Chitedze mu 1982, ankati akakwatitsa mtedza wopirira ndi wosapirira, ana oyamba ankagwidwabe matendawa. Ankadikira mbadwo wachiwiri n'kusankhamo zochepa zimene zinalandira majiniwo mbali zonse ziwiri. Ntchito yotereyi ndi imene inabala mitundu yopirira kadukutu monga Nsinjiro, amene anafika kwa alimi mu 2000.

Munthu sali kunja kwa lamuloli. Majini amakhala pa timaulusi ta DNA totchedwa makromozomu, m'kati mwa maselo a thupi. Chimanga chili ndi makromozomu 20, mtedza 40, munthu 46. Mwa 46 amenewa, 23 amabwera ndi dzira la mayi, 23 amabwera ndi mbewu ya bambo. Palibe mwana amene analandirapo 30 kwa mayi ndi 16 kwa bambo chifukwa choti bamboyo ndi mkamwini chabe pamudzipo. Akuluakulu anati make mbuu, mwana mbuu, ndipo ananena zoona, koma ananena theka lokha.

Chialubino chimatsata ndendende chiwerengero cha Mendel. Khungu, tsitsi ndi maso zimada chifukwa cha melanin, utoto umene thupi limapanga lokha. Munthu amene ali ndi jini limodzi logwira ntchito ndi limodzi losagwira amapanga utoto wokwanira, ndipo amaoneka wakuda ngati wina aliyense. Iye mwini sadziwa kuti wanyamula kanthu. Anthu awiri otere akakwatirana, mimba iliyonse ili ndi njira zinayi. Mwana akhoza kulandira majini ogwira ntchito mbali zonse. Akhoza kulandira losagwira kwa mayi yekha, kapena kwa bambo yekha, n'kukhala wakuda koma wonyamula ngati makolo ake. Njira yachinayi ndi yolandira losagwira kwa onse awiri, ndipo ameneyo ndiye amabadwa wachialubino. Bambo akanakhala kuti alibe jinilo, mwanayo sakanabadwa choncho. Kunena mosapita m'mbali, mwana wachialubino ndi umboni woti bambo wake naye ananyamula chialubino kuchokera kwa makolo ake.

Mwayi wa mmodzi mwa anayi umayambiranso pa mimba iliyonse, sukumbukira zam'mbuyo. Banja lina likhoza kukhala ndi ana awiri achialubino motsatizana, lina osakhala naye ndi mmodzi yemwe. Masamu akuonetsa kuti pa mabanja 100 a makolo onyamula jinili amene abereka ana anayi, pafupifupi 32 sadzaona mwana wachialubino, koma jinilo lidzapitirira mwakachetechete mwa ena a anawo. Umu ndi momwe limadumphira mibadwo iwiri kapena itatu, mpaka akuchimuna kufika polumbira kuti kumtundu kwawo sikunachitikepo. Ndiponso munthu wachialubino akakwatirana ndi munthu wopanda jinilo, ana awo onse amabadwa akuda.

Zonena zina zonse zilibe mutu. Mayi sabereka mwana wachialubino chifukwa anagona ndi mzungu, kapena anaseka munthu wachialubino ali ndi pakati, kapena anaiwala kulavula malovu atakumana naye panjira. Chialubino sichipatsirana pogwirana chanza kapena podyera mbale imodzi. M'mafupa mwa anthu amenewa mulibe golide kapena chizimba. Kalembera wa 2018 anawerenga anthu achialubino 134,636 m'dziko muno, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2014 ambiri a iwo akhala mwamantha chifukwa cha kubedwa, kuphedwa ndi kufukulidwa kwa manda. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa zilango, chaka chomwecho Ikponwosa Ero wa ku United Nations anabwera kudzaona yekha mmene zinthu zinalili, ndipo mu 2021 anthu a kumpoto chakum'mawa kwa Nkhotakota anasankha Overstone Kondowe kukhala phungu woyamba wachialubino. Zonsezi n'zofunika. Koma lamulo limagwira wachifwamba, siligwira bambo wothawa pakhomo. Mwana amene bambo wake wamukana amakulira m'nyumba ya chitseko chosalimba, mayi ali yekha, opanda ndalama ya chipewa kapena ya ulendo wokatenga mafuta oteteza khungu ku dzuwa, pamene khansa ya pakhungu ndiyo imapha anthu achialubino ambiri.

Matenda a sickle cell amayenda njira yomweyo, ngakhale saoneka ndi maso pa tsiku lobadwa. Mwa mwana wodwala, maselo ofiira a magazi amapindika ngati zenga, amatsekereza timitsempha ndi kufa msanga. Miyezi yoyamba mwana amaoneka bwinobwino chifukwa amakhala akugwiritsabe ntchito mtundu wa magazi umene anali nawo m'mimba. Akayandikira miyezi isanu ndi umodzi mavuto amayamba: kutupa zala za manja ndi mapazi, kulira kosatonthozeka, maso achikasu, kuchepa magazi, kutentha thupi pafupipafupi. Kumudzi kutupa kotere kumathamangiridwa kuti ndi tsempho kapena mdulo, ndipo makolo amaikidwa pabwalo kuti aulule amene walumpha mwambo. Pamene ankhoswe akufunsana ndi asing'anga akutema mphini, mwana akutha magazi.

Kafukufuku wa m'dziko muno wapeza kuti pa ana 100 aliwonse, pakati pa 7 ndi 10 ananyamula jini limodzi la sickle cell. Amenewa si odwala. Amalima, amabereka, amakalamba ngati wina aliyense. Ndipo pali chifukwa chimene jinili lachulukira kuno: mu 1954 Anthony Allison, atafufuza kum'mawa kwa Africa, anaonetsa kuti wonyamula jini limodzi amatetezekako ku malungo. M'madera a madambo ndi udzudzu ngati a m'mbali mwa mitsinje ya Namitete ndi Bua, ana onyamula jinili ankapulumuka kuposa anzawo, n'kukula n'kulipatsira kwa ana awo. Chimene chinapulumutsa agogo ku malungo ndi chomwecho chimene chimadwalitsa mdzukulu akachilandira kawiri. Apa palibe wolodza, palibe wolumpha mwambo. Chimene chilipo ndi chithandizo: kuyezetsa magazi, kumwa penicillin ndi folic acid, kugona m'neti, kumwa madzi ambiri, kufunda nyengo yozizira, ndi mankhwala a hydroxyurea amene amachepetsa kuphwanya kwa thupi. Chipatala chachikulu cha Kamuzu Central chili ndi kiliniki ya matendawa.

Nkhani ya mwana wamwamuna kapena wamkazi ndiye yosavuta kuposa zonse. Mayi ali ndi makromozomu awiri a X, choncho dzira lake lililonse limanyamula X. Bambo ali ndi X ndi Y, ndipo mbewu yake ili pawiri, ina ya X, ina ya Y. Ya X ikafika pa dzira pabadwa mtsikana, ya Y pabadwa mnyamata. Zimenezi zinayamba kudziwika mu 1905. Ngakhale bamboyo sasankha, ndi mwayi chabe, ndipo banja limodzi mwa mabanja 16 a ana anayi limakhala ndi atsikana okhaokha. Bambo wokwatira mitala pofuna mnyamata amapita kwa mkazi wachiwiriyo ndi mbewu yake yomwe ija.

Ena anganene kuti mwambo wa Achewa umaika mwana kuchikazi, ndiye n'zosadabwitsa kuti zabwino ndi zoipa zomwe zimawerengedwa kumeneko. N'zoona kuti mbumba imayenda ndi amayi, kuti mwini mbumba ndi malume, ndipo m'midzi yambiri munda ndi ufumu zimatsata mzere umenewo. Koma mwambowu umanena za amene adzalamulire mwana, kumene adzalime ndi amene adzamuimire pa mlandu. Sunena za zimene zili m'maselo ake. Mwambo ukhoza kupatsa malume mphamvu zonse, koma mwana amagawana theka la majini ake ndi bambo, pamene ndi malume amagawana gawo limodzi lokha mwa magawo anayi. Chodabwitsa n'chakuti mwana akakhoza mayeso kapena akabadwa wokongola, akuchimuna sakumbukira za mbumba, amati watengera bambo wake.

Pali mbali ina ya mwambo imene ikufunika kuiganizira mofatsa, ndiyo ukwati wa pachisuweni. Mwambo umaletsa kukwatira mwana wa mng'ono kapena mkulu wa amayi chifukwa ameneyo ndi mlongo, koma umalola msuweni, mwana wa malume kapena wa azakhali. Pa chibadwa, awiriwa ndi ofanana kuyandikira kwake: onse amagawana ndi mbale wawoyo gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a majini ochokera kwa agogo amodzi. Ana ambiri a asuweni amabadwa athanzi, ndipo palibe chifukwa chonyozera mabanja otere. Koma ngati m'banja munabadwapo mwana wa sickle cell, asuweni awiri ofuna kukwatirana ali ndi chifukwa chachikulu choyamba ayezetsa magazi, chifukwa mwayi woti onse anatenga jini lomwelo kwa agogo ndi wokulirapo.

Kudziwa za majini kumathandizanso kuzindikira zimene si za majini. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Ambiri mwa ana amenewa amangonenedwa kuti ndi aafupi ngati agogo awo, pamene vuto ndi phala lopanda nsinjiro, kutsegula m'mimba ndi malungo. Majini amaika malire a msinkhu umene mwana angafike, koma chakudya ndi chisamaliro ndi zimene zimamufikitsa kumeneko, monga momwe Njobvu wodzalidwa pa nthaka yoguga popanda feteleza kapena manyowa amaberekera zochepa. HIV imatha kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana, koma ndi kachirombo, si jini, ndipo mankhwala amatseka njira imeneyo. Kuba, ulesi ndi ufiti sizilembedwa mu DNA ya munthu. Mwana wolumala chifukwa chochedwa kubadwa kapena chifukwa cha malungo a mu ubongo sanatengere aliyense.

Pali nkhawa yomveka yakuti anthu akadziwa zonsezi, chala chidzangochoka pa mayi n'kuloza anthu onyamula majini obisala, mpaka anyamata ndi atsikana ena kusowa owakwatira. Nkhawayi ikusonyeza kuti phunziroli liyenera kuperekedwa lathunthu. Munthu ali ndi majini pafupifupi 20,000, ndipo aliyense, mfumu kapena m'busa wa ng'ombe, ananyamula angapo obisala amene akanadwalitsa mwana akanakumana ndi anzake. Palibe mtundu woyera. Wonyamula sickle cell akakwatirana ndi wosanyamula sabereka mwana wodwala matendawa. Ndipo awiri onyamula akasankha kukwatirana akudziwa, mwana wawo amayezedwa msanga n'kuyamba mankhwala asanafooke. Kusadziwa ndiko kumabala chitonzo, chifukwa pamene palibe yankho anthu amapeka lawo, ndipo lopekalo limagwera amene alibe mawu pabwalo.

Vuto n'lakuti phunziro la chibadwa limafika mochedwa. M'sukulu limaphunzitsidwa mwatsatanetsatane mu Fomu 4, kalasi imene ana ambiri a ku Kabudula kapena ku Nambuma safikako. Amene afikako amaloweza zilembo za mayeso n'kuziiwala, osazilumikiza ndi chimanga cha kwawo kapena ndi mng'ono wawo wodwala. Komabe derali lili kale ndi aphunzitsi okwanira, kungoti aliyense amayenda njira yake. Mlangizi wa zaulimi amafotokoza za haibulidi pa munda wachitsanzo osatchula za anthu. Mlangizi wa zaumoyo amayeza ana pa sikelo osatchula za mbewu. Ankhoswe ndi anamkungwi amalangiza za ulemu ndi za kuchipinda, koma za magazi ayi.

Njira zimenezi zikhoza kukumana popanda ndalama zambiri. Pa tsiku loonetsa zaulimi ku Mpingu kapena ku Ukwe, mzere wa haibulidi ya m'paketi ndi mzere wa yobwereza zikhoza kudzalidwa moyandikana, ndipo mlangizi wa zaumoyo akhoza kuima pomwepo n'kufotokoza za mmodzi mwa anayi, abambo ali pomwepo, popeza kusikelo ya amayi oyembekezera ambiri safika. Chitedze, kumene kulinso nkhokwe ya dziko yosungira mbewu za makolo, ikhoza kumalandira ana a sukulu za pulayimale zoyandikana nayo kuti adzaone ndi maso mmene chimanga amachikwatitsira. Zipatala zimene anthu a derali amadalira, monga St Gabriel's ku Namitete imene yakhala ikutumikira kuyambira 1959, cha Kabudula ndi cha mishoni ku Nambuma, zikuyenera kupatsidwa ndi Unduna wa Zaumoyo zipangizo zoyezera sickle cell nthawi zonse, kuti mwana wothiridwa magazi kachiwiri asabwerere kumudzi asanayezedwe. Mwana wachialubino akabadwa, namwino aziitana bambo ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri mayi asanatuluke m'chipatala, chifukwa mawu oyamba amene akuchimuna amva ndi amene amakhazikika.

Mafumu nawo ali ndi gawo lawo. Milandu ya maukwati imayambira kwa ankhoswe n'kufika kwa nyakwawa ndi agulupu, ndipo kumeneko n'kumene mawu akuti mwanayu si wanga amamveka koyamba. Mafumu a m'madera a Kalolo, Kabudula ndi Khongoni akhoza kugwirizana kuti pa bwalo lawo kubadwa kwa mwana wachialubino, wa sickle cell kapena wamkazi sikudzalandiridwa ngati chifukwa chothetsera banja, ndipo bambo wochoka pa zifukwa zimenezi azitumizidwa kukhoti kuti azipereka chithandizo cha mwana monga lamulo la chisamaliro cha ana la 2010 likunenera. Mipingo imene imafunsa kale achinyamata kuti ayezetse HIV asanadalitse ukwati ikhoza kuwalimbikitsa, popanda kuwakakamiza, kuti pa ulendo womwewo afunsenso za sickle cell.